Kodi nthawi yosumira chipatala cha boma kuno ku Joni yatidutsa?

Abale, ndithandizeni nzeru pa nkhani ya mchemwali wanga. Chaka chatha anachira kudzera pa opaleshoni pa chipatala china cha boma kuno ku Gauteng. Bala silinapole, linkangotuluka mafinya, mwiniwake akuyenda chowerama atagwira pamimba. Posachedwapa dokotala wina wapeza kuti anamusiyira thonje m'mimba, moti amung'ambanso kuti alichotse. Ntchito ya m'nyumba imene ankagwira inathera pomwepo.

Ndamva kuti malamulo a kuno amapereka zaka 3 zoti munthu asume, koma ngati chipatala ndi cha boma, uyenera kuyamba wawalembera kalata yowadziwitsa pasanathe miyezi 6. Apa ndi pamene pakundisowetsa tulo. Miyezi 6 imeneyi amayamba kuwerenga tsiku la opaleshoni yoyamba, kapena tsiku limene tinadziwa za thonjelo? Nanga ngati yadutsa, khoti limamvako munthu akafotokoza chimene chinamuchedwetsa?

Chinanso, fayilo yake akungotizungulitsa nayo. Amene munadutsamo, munaitenga bwanji? Ndalama ya loya tilibe. Alipo amene angamuyimire Mmalawi pa mgwirizano woti adzalandire zake mlandu ukatikomera?