Mtsikana wongotha msinkhu: mapadi ochapa kapena otaya?

Amayi anzanga, makamaka a ku Mchinji kuno, ndithandizeni nzeru. Mtsikana wa zaka 12 wayamba kumene kusamba ndipo amaweruka kusukulu masana. Timugulire chiyani?

Mapadi otaya ndi osavuta kwa woyamba, koma amafunika kusintha pa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndiye paketi imodzi singakwane masiku asanu. Ochapa amasunga ndalama. Vuto lake ndi chisamaliro: kuwaviika m'madzi ozizira, poti otentha amaumitsa magazi pansalu, kuchapa ndi sopo, kutsukuluza bwino, kenako kuyanika padzuwa mpaka aumiretu. Apa ndi pamene pakundidetsa nkhawa. Nyengo ya dzinja saumira tsiku limodzi, ndipo atsikana ambiri chifukwa cha manyazi amawayanika kuseri kwa chitseko kapena pansi pa mphasa. Akavala achinyezi zimabwera ndi fungo, kuyabwa ndi kunyuka m'mphechepeche.

Kodi ochapa akhale angati kuti azisinthanitsa nthawi ya mvula, asanu ndi limodzi akwana? Nanga logwiritsa kale ntchito azisunga motani kusukulu mpaka kuweruka? Amene munasokapo nokha, ndi nsalu yanji imamwa bwino osadontha pa yunifomu?