Mwana wanga wandifunsa za anthu amene anajambula pamiyala ya ku Chongoni

Nabanda wa ku Linthipe:
Abale, ndithandizeni nzeru. Loweruka lapitali tinapita ndi ana a Sande sukulu kuphiri la Mphunzi, m'dera la Chongoni. Ndakulira konkuno, koma zaka zonsezi ndinkangomva kuti alendo amabwera kudzaona miyala, ine osalabadira. Titafika pansi pa thanthwe, amene ankationetsa malowo analoza zojambula zofiira, timizeremizere ndi tozungulira, nati zimenezi n'za Akafula, Achewa asanafike kuno. Kenako zoyera, zikuluzikulu, zonga abuluzi otambasula miyendo. Akuti izi ankajambula ndi amayi, ndi dothi loyera, polangiza anamwali. Munthu umaona ndithu mmene chala chinadutsira pamwala. Ndinayandikiza changa (kukhudza anatiletsa), kukula kwake chimodzimodzi. Thupi lonse tsembwe.

Pobwerera mwana wanga wamkazi wa zaka 11 akuti, "Amayi, anthu amenewa za Yesu sanazimve. Ndiye panopa ali kuti?" Ndinangoti tikakambirana kunyumba, mpaka lero zii. Kuwonjezera apo, mkulu wina wa mpingo wandidzudzula kuti ndinatengera ana kumalo a mizimu. Kodi ndinalakwa? Nanga mwanayu ndimuyankhe chiyani?

Bambo a Chisomo:
Mayi, ndisakubisireni, ndikanakhala ine mkuluyo ndikanayankhulanso. Mwaona za ku Mphunzi zokha. Ku Namzeze kuli zithunzi za nyau, mpaka kasiyamaliro. Agogo anga aamuna atatuluka kudambwe n'kulowa kalasi, abale awo anawasala zaka zambiri, ngakhale pamaliro sankawapatsa moni. Lero ife tizikawetera ana komweko? Mwana amachedwa kusiyanitsa kuona ndi kusirira.

Mphunzitsi Wopuma:
Achimwene a Chisomo, za agogo anu ndazimva ndipo sindikuzipeputsa. Koma tatsegulani Machitidwe 17. Paulo ali ku Atene anayamba wayendayenda kuona maguwa a eni mzinda, n'kuwerenga zolembedwa pamenepo, ndipo ulaliki wake unayambira paguwa la Mulungu wosadziwika. Pavesi 27 akunena kuti mitundu inaikidwa m'malo awo kuti ifunefune Mulungu, kapena n'kumufufuza monga munthu wopapasa. Ine ndikaima pathanthwe lija ndimaona anthu opapasa. Mvula ikakana ankapempha kwa Chauta, dzina lomwelo timaimba m'tchalitchi lero.

Mayi Nabanda, mwanayo musamunamize kuti mukudziwa kumene ali. Muwerengereni Aroma 2:14-15, pamene pakunena za anthu opanda chilamulo amene chikumbumtima chawo chimawachitira umboni, ndi funso la Abrahamu pa Genesis 18:25, loti kodi Woweruza wa dziko lonse angalephere kuchita chilungamo. Pamenepo n'pomwe ine ndimalekezera.

Chimene chimandipsetsa mtima n'china. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula, ndipo bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Koma pathanthwe lina ndinapeza munthu atalemba vesi ndi makala pamwamba penipeni pa zojambula zofiira, ndipo mwaye wa moto utadetsa denga lonse. Chinthu chapirira mvula ya mibadwomibadwo, iwe n'kuchipha usiku umodzi wa mapemphero a kuphiri! Chimenecho ndiye mkulu uja akanadzudzula.

Nangozo wa ku Mtakataka:
Achemwali, tsiku lina mudzatsike kuno ku Mua. Mishoni inayamba 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso. M'nyumba yake yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli zigoba za gule wamkulu zambirimbiri, tchalitchi chili chapomwepo, anthu akupembedza bwinobwino. Ifenso Akatolika sitinagwirizane tonse pa zimenezi, ena amang'ung'udza mpaka lero.

Ine zoyera zija zimandikumbutsa agogo anga aakazi. Anali namkungwi, kenako atabatizidwa anakhala mlangizi wa atsikana mumpingo. Zina anazisiyiratu, ndipo ankanena poyera kuti zinali zoipa. Koma za ulemu kwa apongozi, za ukhondo, za kusunga chinsinsi cha m'nyumba, mawu ake anali omwe aja, anangowonjezera pemphero poyamba ndi pomaliza.

Nabanda wa ku Linthipe:
Zikomo nonse. Bambo a Chisomo, ku Namzeze sindipita nawo ana, pamenepo mwandigwira mtima. Aphunzitsi, usiku wathawu tinawerenga Genesis uja titatha kudya nsima. Anakhala chete, kenako akuti, "Ndiye Mulungu amamva chinenero cha Akafula?" Ndinati amamva. Akuti nanga ndani akuchiyankhula panopa. Bambo ake anangodzuka kukatseka khola la mbuzi.

Za mkulu uja, amayi busa ati tikakambirane Lachisanu tikaweruka ku Chigwirizano.