Nkhani ya mng'ono wanga uja yafika pati

Abale, sabata yatha ndinafunsa za mng'ono wanga amene anagwidwa ndi mlonda pa sitolo ina ku Limbe, akuti anabisa botolo la mafuta ophikira m'chikwama. Funso langa linali lakuti, kodi mawu a mlonda yekha angam'mangitse munthu? Zikomo nonse amene munandilimbitsa mtima.

Anatuluka tsiku lachiwiri pa belo ya apolisi. Sitinapereke ngakhale tambala, belo imeneyi ndi yaulere.

Ku Legal Aid, ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, anatiuza mosabisa kuti malinga ndi gawo 278 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, chilango cha kuba chimafika zaka 5 kundende, ngakhale majisitireti amaonanso mtengo wa katundu komanso ngati munthu walakwa koyamba. Mboni imodzi itha kukwanira khoti likaikhulupirira. Koma woimira boma ndiye ayenera kutsimikiza popanda chikaiko kuti katunduyo ndi wa sitolo, kuti anatengedwadi, ndiponso kuti wotengayo analibe cholinga cholipira kapena kubweza.

Apa ndi pamene tagwira. Mng'ono wanga akuti anamugwira asanafike polipirira, botolo lili pamwamba pa matewera a mwana, ndalama zili m'manja. Tapempha kuti kanema wa kamera za m'sitolo aonetsedwe kukhoti. Amayi sakugona ndi nkhawa, ndiye pa tsiku la mlandu ndidzawaperekeza ndine.