Ophunzira unamwino akuzemba odwala ogonana ndi amuna kapena akazi anzawo, tiwaphunzitse bwanji?

Wofunsa, mphunzitsi wa m'mawodi:
Akuluakulu pagulu pano, makamaka a Sisitala ndi aphunzitsi a m'makoleji, ndithandizeni nzeru. Ophunzira ambiri amagwira ntchito bwino ku OPD (kumene amathandizira odwala osagonekedwa) mpaka wodwala atanena kuti amagonana ndi mwamuna mnzake, kapena kutalowa munthu wovala chachikazi koma m'buku lachipatala muli dzina lachimuna. Pamenepo wina amavala magolovesi awiri pongoyeza BP, wina amatuluka kukaitana anzake kuti adzaone, wina amayamba ulaliki, ndipo ambiri amadumpha mafunso kuti munthuyo achoke msanga. Ukawafunsa, ena amati chipembedzo sichilola, ena akuopa kumangidwa, ena sadziwa n'komwe choti afunse. Za tchimo tiwasiyire abusa ndi mashehe. Ine ndikufuna ndondomeko yoti wophunzira atsate kuyambira pakhomo mpaka polemba m'buku.

Namwino wamkulu, mbali ya malamulo a ntchito:
Aphunzitsi, yambani ndi mantha a kumangidwawo chifukwa ndi osavuta kuchotsa. Ndime 153 ndi 156 za Penal Code (malamulo a milandu ndi zilango), komanso 137A yokhudza akazi, zimakamba za mchitidwe wogonanawo, ndipo khothi lomasulira malamulo oyendetsera dziko linazisiya momwemo mu Juni 2024. Koma m'ndime zimenezi mulibe mawu oletsa namwino kuthandiza wodwala, mulibenso mawu omulamula kukanena kupolisi zimene wamva m'chipinda choyezera. Chimene chingamufikitse namwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi ndi kuulula chinsinsi kapena kukana kupereka chithandizo. Nkhani imasintha ngati wodwalayo ndi mwana wosakwana zaka 18 ndipo wachitidwa nkhanza. Pamenepo timatsata njira yoteteza ana monga mwa nthawi zonse.

Awuzeninso kuti wina aliyense akabwera ndi munthu n'kunena kuti amuyeze kumbuyo pofuna umboni woti amagonana ndi amuna, wophunzira asalowerere. Kuyeza kotero sikutsimikizira chilichonse, ndipo bungwe la madokotala a padziko lonse la World Medical Association linakudzudzula mu 2017.

Namwino wa ku kiliniki ya STI:
Vuto lalikulu lili pa kafunsidwe. Funso loti “akazi anu ali kuti, abwere tidzawathandize limodzi” limatseka pakamwa wodwala nthawi yomweyo. Angoyankha kuti ali kumudzi, basi.

Gadiyani atuluke kaye, chitseko chitsekedwe. Sikirini ya nsalu imabisa thupi koma mawu amadutsa, ndiye pa wodi yodzaza mafunso awa asafunsidwe pabedi. Wophunzira ayambe ndi mawu oti, “Mafunso awa timafunsa aliyense, ndipo zimene mundiuze zithera muno.” Kenako afunse: pa miyezi itatu yapitayi mwagonana ndi anthu angati? Amuna, akazi, kapena onse? Munagonana kudzera kutsogolo, kumbuyo, kapena mkamwa? Ngati ndi kumbuyo, inu ndi amene mumalowetsa kapena amakulowetsani? Kondomu inalipo, nanga inang'ambika? Munapaka chiyani kuti paziterera?

Funso lomalizali ophunzira amaseka nalo koma ndi lofunika. Vaseline, mafuta ophikira ndi mafuta odzola amafooketsa kondomu ya latex mpaka imang'ambika. Oyenera ndi mafuta oterera opangidwa ndi madzi. Chinanso, tisafunse kuti “kodi ndinu gay?” Amuna ambiri ogonana ndi amuna anzawo ali pa banja ndi mkazi ndipo dzina limenelo salilola, pomwe funso la zimene anachita amayankha. Ndipo mkazi wakunyumbayo nayenso amafunika mankhwala, choncho kalata yoitanira bwenzi iperekedwe ya aliyense amene watchulidwa, popanda kulembapo za winayo.

Kilinikala ofesala:
Ndiwonjezere pa zimene anena a Sisitala. Mafunso amenewa akadumphidwa, matenda amaphonyedwa chonchi: mwamuna akudandaula kuwawa pochita chimbudzi, kutuluka mafinya kapena timagazi, kumva ngati chimbudzi sichinathe. Popanda kumufunsa kapena kumuona, amalemberedwa kuti ndi mudzi kapena kamwazi, n'kupita ndi mankhwala osagwirizana ndi vutolo, chonsecho ndi chinzonono kapena chlamydia (matenda enanso opatsirana pogonana) ya kumbuyo.

Poyeza, mufotokozereni zimene mukufuna kuona, avomere, ndipo mumufunse ngati akufuna kuti pakhale namwino wina. Agone chammbali cha kumanzere atapinda mawondo, mufunditse nsalu, pakhale kuwala kokwanira. Peyala imodzi ya magolovesi ndi yokwana. Yang'anani zilonda, njerewere, kung'aluka kwa khungu ndi mafinya, gwirani m'mphechepeche ngati muli zotupa, onani pakhosi, m'manja ndi kumapazi chifukwa zidzolo za chindoko zimakonda kumeneko. Chilonda choyamba cha chindoko nthawi zambiri sichiwawa, ndiye mwini wake sangachitchule.

Pa mafinya a kumbuyo timathandiza chinzonono ndi chlamydia limodzi. Doxycycline ndi 100 mg kawiri pa tsiku kwa masiku 7, koma ngati pali chilonda kapena tikuganizira LGV (mtundu wa chlamydia wotupitsa m'mphechepeche) amafika masiku 21. Gentamicin amene takhala tikubaya pa chinzonono sagwira bwino chikakhala pakhosi, ceftriaxone ndiye amachita bwino. Apa ndi pamene funso la mkamwa lija limagwira ntchito. Mlingo muone m'buku la malangizo a Unduna lomwe chipatala chanu chikutsata panopa. Asatuluke musanamuuze zoyezetsa HIV ndi chindoko. Ngati anagonana mosadziteteza maola 72 asanathe ndipo alibe HIV, ayambe PEP (mankhwala oteteza ku HIV omwa munthu atagonana kale) tsiku lomwelo, amwe mwezi wathunthu, ndipo akamaliza mukambe naye za PrEP (mankhwala oteteza ku HIV omwa munthu asanagonane).

Wophunzira wa chaka chachitatu:
Pepani akuluakulu, ndifunse mwaulemu. Ena a ife chikumbumtima chimatitsutsadi. Kodi kulakwa n'chiyani ngati nditapempha mnzanga kuti athandize wodwalayo ine n'kuthandiza wina?

Namwino wamkulu:
Mwachita bwino kufunsa poyera, mwanangu. Taganizani za helofu senta yakumudzi, usiku, namwino ali yekha. Apempha ndani? Ndiponso posinthanapo muyenera kumuuza mnzanuyo chifukwa chake, chinsinsi chatuluka kale, ndipo wodwala waona kuti mwamuthawa. Munthu wotereyu sabweranso kudzatenga zotsatira, ngati ali pa ma ARV amayamba kudumpha masiku. Palibe akukuuzani kuti musinthe chikhulupiriro chanu. Woledzera amene wagunda mwana ndi galimoto timamusoka, mkaidi womangidwa unyolo pabedi timamupatsa mankhwala pa nthawi yake, ndipo palibe amanena kuti tavomereza zochita zawo. Dziwaninso kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachotsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda mu 1990, ndiye palibe choti tichize kapena kutumiza kwa a zamisala pa chifukwa chimenecho chokha. Chofunika kufunsa ndi nkhawa, kusowa tulo, mowa, nkhanza ndi maganizo ofuna kudzipha, chifukwa izi zimachuluka kwa anthu amene akukhala mobisala.

Mzamba:
Mwakamba za amuna, akazi musawaiwale. Mayi akanena kuti bwenzi lake ndi mkazi, ophunzira amaganiza kuti VIA (kuyeza khomo la chiberekero pofufuza zizindikiro za khansa) siikumukhudza. HPV, kachilombo koyambitsa khansa imeneyi, imapatsirana ngakhale pokhudzana khungu, ndipo ambiri mwa amayiwa anagonanapo ndi amuna. Ngati ali ndi zaka 25 mpaka 49 ayezedwe khomo la chiberekero ngati wina aliyense. Poonera khomo la chiberekero gwiritsani ntchito chipangizo cha speculum, koma ikhale speculum yaing'ono, muuzeni chilichonse musanachite, akati siyani musiye. Za mimba funsani ndithu, osangoganiza. Ena amagwiriridwa ndi anthu oti akufuna “kuwakonza”. Amenewo apite ku One Stop Centre (malo othandizira ochitidwa nkhanza), alandire PEP ndi mapiritsi oteteza mimba mwadzidzidzi.

Amene anabadwa amuna koma amakhala ngati akazi, afunseni ngati akumwa mahomoni. Ena amagula mapiritsi olera monga Microgynon n'kumamwa angapo pa tsiku. Ethinylestradiol wa m'menemo amaundanitsa magazi m'mitsempha, makamaka kwa osuta fodya. Mwendo umodzi wotupa kapena kubanika mwadzidzidzi ndi nkhani yothamanga nayo. Ena amasiya ma ARV poopa kuti asokoneza mahomoni, ndiye atsimikizireni kuti ma ARV a 13A sachita zimenezo.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Nanga m'buku lachipatala tilembe chiyani? Ndipo ogonekedwa tiwaike wodi iti?

Namwino wa ku kiliniki ya STI:
Buku lija limapita kunyumba. Amalitsegula mkazi wake, mayi ake, nthawi zina abwana akafuna umboni woti anadwaladi. Lembani zimene mwapeza ndi mankhwala amene mwapereka. Mawu oti MSM (amuna ogonana ndi amuna anzawo) kapena gay asalowe m'menemo. Za magulu amenewa zili ndi malo ake m'rejisita ya kiliniki imene imatsekeredwa. Popatsana lipoti pa wodi nenani zokhudza chithandizo chokha, motsitsa mawu, patebulo la anamwino osati kumiyendo kwa bedi magadiyani akumva. Zithunzi ndi nkhani za wodwala pa WhatsApp ya kalasi ndi mlandu wa chinsinsi ngakhale dzina litabisidwa.

Poitana pamzere gwiritsani ntchito dzina la bambo kapena nambala, akalowa mufunseni dzina limene akufuna kuitanidwa nalo. Za wodi, wophunzira asagamule yekha. Akambirane wodwala ndi Sisitala woyang'anira. Ngati kachipinda kapambali kalipo ndiko kabwino, ngati palibe ndiye bedi loyandikana ndi tebulo la anamwino, ndipo mukonze nthawi yoti asambe kubafa kulibe anthu.

Mphunzitsi wa ku koleji:
Aphunzitsi anzanga, ulaliki wa m'kalasi wokha susintha zochita za pa wodi. Ikani nkhaniyi pa OSCE, mayeso oonetsa luso pa wodwala wongoyerekeza: siteshoni ya mphindi 10, wosewera ngati wodwala adandaule kuwawa pochita chimbudzi ndipo asaulule kanthu pokhapokha atafunsidwa bwino. Malikisi apite pa kutulutsa gadiyani, kufunsa amuna, akazi kapena onse, kufunsa mbali ya thupi, kupempha chilolezo choyeza, kutchula PEP ndi PrEP, ndi zimene walemba m'buku. Asanalowe mayeso aziyeserera awiriawiri mokweza, m'Chichewa, mpaka mawu a ziwalo azituluka osaseka, chifukwa kuseka kwambiri kumene timakuona ndi manyazi chabe. A CEDEP, bungwe loona za ufulu ndi umoyo wa magulu amenewa, ali ndi alangizi amene angabwere kudzalankhula ndi kalasi, muwalembere kalata kudzera kwa a Principal. Wophunzira akanyoza wodwala pa wodi, mutulutseni mwakachetechete, malizani chithandizo inuyo, pepesani kwa wodwalayo ndipo mumuuze kuti ali ndi ufulu wokadandaula kwa Hospital Ombudsman, wolandira madandaulo pa chipatala. Kenako lembani nkhaniyo m'buku la wophunzira monga mmene mungalembere atapereka mankhwala olakwika, ndipo siteshoni ija aibwereze asanabwerere ku kiliniki.