Jaji wandiyesa mbale wa wozengedwa mlandu, tsopano kasitomala akufuna loya wina. Ndichite bwanji?

Pupil wa ku Midlands:
Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndili m'miyezi sikisi yomaliza ya pupillage (nthawi yophunzira ntchito ya barrister, loya woimira anthu m'khoti), ndiye ndayamba kuima ndekha m'makhoti a majisitireti kuno ku England. Zomwe zandichitikira Lolemba zandisowetsa tulo.

Ndinafika 9 koloko isanakwane, suti yakuda, nsapato zopolisha, chikwama cha mafayilo paphewa. Nditapita kwa usher (wolandira ndi kuitana anthu m'khoti) kuti ndilembetse dzina, sanadikire n'komwe kuti nditsegule pakamwa. Anangoti ndikhale pabenchi panja, loya wanga akafika adzandiitana. Ndinamuuza kuti loyayo ndine. Anati pepani kwinaku akuyang'ana papepala. Zimenezo ndinangomeza, si koyamba.

Chandipweteka ndi cha m'kati. Ndakhala pamzere wa maloya, laputopu yotsegula, district judge (jaji wa khotilo) akulowa. Atakhala pansi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti achibale amakhala kumbuyo. Khoti lonse linati zii. Ndinaimirira, ndinatchula dzina langa ndi la amene ndikumuimira. Iwo anangoti chabwino, tipitirize. Kasitomala wanga, bambo wachizungu wa zaka za m'ma 50, anali m'bokosi kuseri kwa galasi, ndipo zonsezi anazimva.

Mlandu wake ndi woyendetsa galimoto ataledzera, kachiwiri. Anavomera. Auimitsa kwa masabata atatu kuti a probation (oyang'anira olakwa amene sali m'ndende) alembe lipoti, ndipo jajiyo wati adzaumaliza yekha. Dzulo solicitor (loya amene anatipatsa mlanduwu) waimbira kalaliki wathu wogawa milandu ku chambers (ofesi yathu ya ma barrister) kuti bamboyo akufuna "munthu amene jaji amamudziwa". Kalaliki wandifunsa mosekaseka ngati ndingadandaule atausamutsira kwa mnzanga wina. Mnzangayo tinayamba tsiku limodzi, jajiyo sanamuonepo ngakhale kamodzi. Kusiyana kwathu mukukudziwa, ndi khungu.

Voti ya tenancy (yosankha ngati andipatse malo okhazikika mu chambers) ili miyezi iwiri kutsogoloku. Ndiusiye mlanduwo? Ndikadandaule za jaji? Kapena ndingotseka pakamwa mpaka ndilowe?

Solicitor wa ku Luton:
Pepani kwambiri achemwali. Musanachite china chilichonse, usiku uno lembani zonse: tsiku, nthawi, nambala ya chipinda, mawu enieni a usher, mawu enieni a jaji, amene anali pambali panu, woimira boma anali ndani. Kumbukirani kuti m'khoti la majisitireti sajambula mawu ngati ku Crown Court, khoti la milandu ikuluikulu. Palibe tepi yomwe mudzaitanitse. Chomwe chidzakhalepo ndi cholemba chanu, ndipo cholembedwa sabata yomweyo chimalemera kuposa chokumbukira mu Disembala. Mukatha dzitumizireni pa imelo kuti deti ioneke.

Za kusamutsa mlanduzo ndiyankhe ngati solicitor, chifukwa mafoni otere ndimawalandira. Equality Act 2010, gawo 47, limaletsa munthu aliyense kuchitira barrister tsankho pa nkhani yomupatsa ntchito. Silikhudza chambers zokha ayi, limakhudzanso ife opereka ntchitofe. Kasitomala ali ndi ufulu wosintha loya akaona kuti sakumuthandiza bwino. Koma chifukwa chake chikakhala khungu, ine sindingatumike kukanena zimenezo, ngakhale atazikulunga m'mawu okoma. Ena mukumbukira nkhani ya Rehana Popal mu 2018, amene anamulanda mlandu chifukwa kasitomala ankafuna mwamuna wachizungu. Inamveka dziko lonse, ndipo palibe solicitor amene anganene lero kuti sadziwa.

Achimwene a ku Leeds:
Ine ndilankhule zomwe ena sangakonde. Za jajizo zisiyeni kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukalemba dandaulo, iye adzati ndinalakwitsa chabe, sindinaone bwino, ndipo nkhani idzathera pompo. Inu mudzatsala ndi dzina la pupil wovuta, m'khoti lomwe muzipitako kawiri pa sabata, pamaso pa anthu amene akukavota za inu. Ndawaonapo anzathu akutsalira pakhomo pa zifukwa zochepa kuposa izi, ndipo palibe amene adzakuuzeni kuti chifukwa chake n'chimenecho. Adzati simukugwirizana bwino ndi gulu.

Zomwe zimandithandiza ine: ndinalembetsa chiphaso chija cha pafoni kudzera ku Bar Council (bungwe loimira ma barrister), cholowera m'makhoti popanda kusechedwa ngati wina aliyense. Ndikafika kwa usher ndimayamba ndine kulankhula, dzina, chambers, mlandu, asanapeze mpata woganiza zake. Buku lalikulu la malamulo ndimalinyamula m'khwapa ngakhale zonse zili mu kompyuta. Zoseketsa, koma zimagwira.

Wa ku Blantyre:
Mundikhululukire kufunsa, ife a kumudzi. Simunavale gauni ndi wigi? Kuno ku High Court ukangovala zija ngakhale wapolisi wa pageti amaimirira mowongoka.

Achimwene a ku Leeds:
Ku majisitireti kuno sitivala, bwana. Ndi suti basi. Ndiye munthu amakuweruza ndi nkhope.

Amayi a ku Manchester:
Mwana wanga, pepa. Ndikutchula choncho chifukwa pamene ine ndinkayamba ntchitoyi iwe unali usanayambe sukulu.

Achimwene a ku Leeds sakunama za mmene voti imayendera, koma pa buku la m'khwapalo ndiye tasiyana. Ine ndinanyamula mabuku zaka khumi mpaka phewa linapindika. Tsiku lina ndinali nalo bukulo m'manja, wina n'kundifunsa ngati ndine womasulira. Sikuti munthuyo sakuona suti. Akuiona, koma m'mutu mwake munthu wakuda wolowa m'khoti ali ndi malo atatu okha: m'bokosi, kumbuyo kwa achibale, kapena pambali kumasulira. Orton Chirwa anaitanidwa kukhala barrister ku Lincoln's Inn mu 1958. Tikukamba za zaka zoposa 60 zapitazo, ndipo mdzukulu wake wa pantchito akuuzidwabe kuti akhale kumbuyo.

Ndipo usadzione ngati ndiwe wokokomeza. Mu Seputembala 2020 Alexandra Wilson anamuyesa wozengedwa mlandu katatu tsiku limodzi m'khoti la majisitireti, mpaka mkulu wa HMCTS, nthambi yoyendetsa makhoti, anapepesa poyera. Mu 2022 a University of Manchester anatulutsa lipoti lotchedwa Racial Bias and the Bench, atafunsa anthu 373 ogwira ntchito zamalamulo, ndipo oposa theka anati anaonapo ndi maso awo jaji akuchita zatsankho kwa wozengedwa mlandu. Majaji akuda mu England ndi Wales ali cha pa 1 pa 100 alionse. Ndiye jaji wako uja mwina wakhala zaka pampandopo osaona munthu wonga iwe kumbali yake ya tebulo.

Vuto lako ndi lakuti wamanga nkhani zitatu mtolo umodzi, n'chifukwa chake ukulemedwa. Masula.

Ya kasitomala ndiyo yachangu, ndipo ndi yokhayo yomwe ingakuwonongere ntchito sabata ino. Usayankhe kalaliki m'khonde. Pita kwa supervisor wako, amene akukuphunzitsa ntchitoyo, mawa m'mawa, umuuze zonse motsatana mmene watiuzira ife, osakweza mawu, osapepesa. Chambers iliyonse imayenera kukhala ndi munthu woona za equality and diversity, malamulo a Bar Standards Board, bungwe loyang'anira ma barrister, amatero. Umuuze supervisor kuti ukufuna ameneyo adziwe. Ukatero nkhani yachoka m'manja mwa pupil, yapita kwa anthu amene ali ndi udindo woti ayankhe akalola mlandu kusamutsidwa pa chifukwa chotere. Kalaliki uja si mdani wako. Iye akungofuna solicitor asathawe ndi ntchito. Akauzidwa ndi wamkulu kuti izi zingaike chambers m'madzi otentha, asintha nyimbo tsiku lomwelo.

Kenako upemphe kukumana ndi bamboyo, solicitor alipo. Ganizira mmene iye akuonera. Munthu akuopa ndende, akuopa kutaya laisensi ndi ntchito, ndiye waona jaji akulephera kuzindikira loya wake. Mwina ndi watsankho, mwina ndi wamantha chabe, mwina zonse ziwiri. Usakambe naye za khungu. Mutsegulire sentencing guideline (ndondomeko ya zilango), umuonetse pamene muyezo wa mowa wake ukugwera, umuuze kuti popeza ndi kachiwiri m'zaka khumi chiletso choyendetsa sichingachepere zaka zitatu, umufotokozere zomwe ukanene kuti asalowe m'kati, ndi makalata amene akuyenera kubweretsa. Munthu akamva kuti fayilo yake uli nayo m'mutu, mantha amatsika. Akakanabe pambuyo pa zimenezo, chifukwa chake chidzakhala chitaonekera poyera, ndipo solicitor adzayenera kusankha.

Ya usher ndi yosavuta. Kalata yaifupi kwa woyang'anira khotilo, yonena zomwe zinachitika ndi tsiku lake. Ingathe kuchokera ku chambers m'malo mwa iwe.

Ya jaji ndiyo ufunika kuyenda nayo bwino. District judge amakadandauliridwa ku Judicial Conduct Investigations Office, ndipo malire ake ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe zinachitika. Iwo saona ngati chigamulo chinali cholondola, amaona khalidwe. Werengera wekha: voti ili miyezi iwiri, malire ali miyezi itatu. Sukukakamizidwa kusankha lero. Koma lemba tsikulo pakalendala, pakadafunda padajiwitsa galu. Pakadali pano ika nkhaniyo pa Talk to Spot ya Bar Council (njira ya pa intaneti yolembera nkhani za nkhanza ndi tsankho), imasunga ndi deti ndipo ungathe osatchula dzina lako. Palinso njira ya kuseri imene ambiri saidziwa: mkulu wa chambers kapena leader wa circuit (mtsogoleri wa ma barrister a dera) amatha kulankhula ndi jaji wamkulu wa derako mwakachetechete. Nthawi zina imeneyi imagwira msanga kuposa kalata.

Achimwene a ku Joni:
Ndingowonjezera kamodzi. Kuno ku South Africa mkangano waukulu wa maloya akuda si wa pageti, ndi wa amene akupatsidwa milandu. Makampani akuluakulu ndi ena a boma amazolowera mayina omwewo, ndiye wakuda amatsala ndi timilandu tating'ono, kenako amati alibe luso la milandu ikuluikulu. Zimayamba chonchi, ndi fayilo imodzi yosamutsidwa mosekaseka. Musaupereke mlanduwo, achemwali. Pa voti paja adzawerenga kuti munagwira milandu ingati, sadzakumbukira chifukwa chomwe wina unachokera m'manja mwanu.

Pupil wa ku Midlands:
Zikomo nonse, mtima wayamba kutsika. Funso lina Amayi: kodi ndisapemphe kuti jajiyo achoke pa mlanduwu? Ndikuopa kuti manyazi ake angakawathirire pa kasitomala.

Amayi a ku Manchester:
Ayi, usatero. Muyezo wake ndi uja wa mlandu wa Porter v Magill, 2001: kodi munthu woganiza mwachilungamo, wodziwa zonse zomwe zachitika, anganene kuti pali kuthekera kwenikweni kwakuti jaji akondera? Apa jaji walakwira iwe, osati bamboyo. Pempho lotere lidzakanidwa, ndipo udzakhala utamuikira kasitomala wako jaji wokwiya pa tsiku lopereka chilango. Komanso ndikuuze zomwe ndaona: jaji amene wachita manyazi pagulu nthawi zambiri ulendo wotsatira amamvetsera mopitirira muyezo.

Tsikulo fika msanga, upereke dzina lako kwa legal adviser (mlangizi wa zamalamulo wa khoti) lolembedwa bwino, ndi katchulidwe kake ngati n'kofunika. Ukaimirira tchula dzina lonse pang'onopang'ono. Usaseke kuti umupeputsire, ife akazi timakonda kuchita zimenezo. Usaonetsenso mkwiyo. Ukangotha dzina, lowa mu lipoti la probation.

Achimwene a ku Leeds:
Ndavomera za supervisor ndi za kasitomala. Za kalata ya jaji ndikadali pomwe ndinali. Koma zoti pali mwezi wathunthu pakati pa voti ndi malire sindinaziganize, pamenepo Amayi mwandiposa.

Solicitor wa ku Luton:
Mukakumana ndi woimira boma wa tsiku lija, mufunseni mwaulemu ngati akukumbukira zomwe jaji ananena, ndipo ngati angalole kuti mulembe dzina lake. Mboni imodzi ya mbali inayo imaposa anzanu asanu a ku chambers.

Pupil wa ku Midlands:
Ndabwera kudzapereka lipoti, poti munandithandiza. Supervisor anakhala chete nthawi yaitali nditamuuza, kenako anatenga foni n'kuimbira solicitor ine ndili pomwepo. Mlandu sunasamuke. Bamboyo tinakumana pa Teams mphindi 40. Poyamba ankangoyang'ana kumbali, koma nditafika pa za ntchito yake ndi kalata ya abwana ake anayamba kufunsa mafunso, mpaka anatulutsa cholembera.

Lachinayi jaji ananditchula dzina ndisanaimirire, molakwika pang'ono, ndinamukonza. Sanapepese, ine sindinayembekezerenso. Bamboyo sanalowe ndende: community order (chilango chogwirira kunja kwa ndende), maola ogwira ntchito yosalipidwa, ndi chiletso choyendetsa. Panja anandigwira chanza n'kunena kuti zikomo, za sabata ija sanazitchule.

Kalata ya usher yapita kudzera ku chambers. Woimira boma uja wati akukumbukira, ndipo walola. Za jaji ndaika pa Spot, tsiku la malire ndalilemba ndi cholembera chofiira. Amayi, voti ikadutsa ndidzakuimbirani kuti tione limodzi kalembedwe ka kalatayo, ngati ndidzaitumize.

Amayi a ku Manchester:
Udzaimbe madzulo, masana ndimakhala m'khoti. Ndipo bweretsa cholemba chako chija cha tsiku loyamba, tidzayambira pamenepo.