Nyumba ya ku Mufakose, ku Harare, ikadali m'dzina la agogo

Achemwali (Mufakose): Mwadzuka bwanji nonse. Satifiketi ya imfa ya bambo ndatenga dzulo. Lamulo la kuno ku Zimbabwe likuti katundu wa womwalira akalembetsedwe kwa Master wa High Court, mkulu woona za chuma cha masiye, pasanathe masiku 14, ndipo lero ndi la 9.

Achimwene (Joni): Manda akadali aawisi, mwayamba kale za maofesi?

Achemwali (Mufakose): Ndimvereni kaye. Usiku ine ndi amayi tinatsegula sutikesi yabulauni ya pansi pa bedi, imene ankatikalipira tikaikhudza tili ana. Muli malisiti a kukhonsolo omangidwa ndi mphira, khadi la sosaite ya maliro, chitupa chakale chija cholembedwa alien, kutanthauza mlendo. Pepala la nyumba lilimonso. Koma dzina si la bambo ayi. Ndi la agogo.

Mzime: Agogo amene anamwalira ine ndili giredi 2?

Bambo aang'ono (Dzivarasekwa): Omwewo. Mlandu ndi wathu, ana inu. Madala atatisiya mu 2003 tinangogwirizana pakamwa kuti akulu akhale m'nyumbamo, poti ine ndinali nditapeza kale pokhala kuno. Zolembetsa tinati tiona ndalama zikapezeka. Akhonsolo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi, dzina lomwelo, ife n'kumati zili bwino.

Azakhali (Dedza): Akundilembera ndi mwana wanga, maso anga sakuona tizilembo. Pepani alamu, pepani ana. Koma ndinene. Kwathu kuno chuma cha mwamuna chimayang'ana kwa alongo ake ndi ana awo. Tikameta, mkazi timamusudzula bwinobwino n'kubwerera kwawo. Sindinayambitse ine.

Achimwene (Joni): Abwerere kuti? Amayi anabadwira ku Mbare. Ku Ntcheu anapitako kamodzi, pa maliro. Zaka 38 akusesa pakhomo paja!

Bambo aang'ono (Dzivarasekwa): Iwe, amene ukuyankhayo ndi mlongo wa bambo ako. Tsitsa mawu.

Achimwene (Joni): Pepani azakhali. Mtima unathamanga.

Mzime: Azakhali, ndilankhuleko ngakhale ndine mwana. Ndafunsa mnzanga wogwira ntchito kwa maloya. Kuno kuyambira 1997, munthu akamwalira osasiya wilo, nyumba imene ankakhala ndi mkazi wake pamodzi ndi ziwiya zam'nyumba zimapita kwa mkaziyo, ngakhale ukwati utakhala wachikhalidwe. Ndipo kutulutsa wamasiye kapena kumulanda katundu ndi mlandu wa kupolisi, pali lamulo lake, Deceased Persons Family Maintenance Act. Nyumba ili ku Harare, lamulo lake ndi la Zimbabwe.

Achimwene (Joni): Basitu, nkhani yatha.

Mzime: Sinathe achimwene. Amayi angalandire chimene chinali cha bambo. Pa pepala nyumba si ya bambo. Agogo aakazi anatsogola, ndiye agogo aamuna anasiya ana atatu: bambo, bambo aang'ono ndi azakhali. Aliyense ali ndi gawo lake. Azakhali gawo ali nalo ndithu, osati chifukwa cha mwambo, koma poti ndi mwana wa mwini nyumba.

Azakhali (Dedza): Ooh.

Achemwali (Mufakose): Ndiye kuti mafayelo ndi awiri, la agogo ndi la bambo?

Mzime: Eya, ndipo la agogo ndi limene litsegule njira. Tikalembetsa, amaitanitsa msonkhano wa abale apafupi, amati edict meeting, aliyense ndi chitupa chake. Pamenepo timasankha woyendetsa katundu, executor, ndipo Master amamupatsa kalata yotchedwa letters of administration. Popanda kalata imeneyo kubanki ndi kukhonsolo sakumvera. Kenako chidziwitso mu Government Gazette ndi m'nyuzipepala, masiku 30, kuti amene bambo anali nawo ngongole abwere poyera.

Bambo aang'ono (Dzivarasekwa): Akabwera onse amene anasiya nsalu zawo osasokedwa, mzere ufika ku Kambuzuma.

Achemwali (Mufakose): Musaseke, madiresi atatu a ukwati ali m'kabati, odulidwa kale, eni ake sindikuwadziwa.

Achimwene (Joni): Ndalama zake zingati zonsezi? Ndiuzeni zoona, kuno randi sikuyenda.

Mzime: Chachikulu ndi cha Master, 4 peresenti ya mtengo wa katundu. Nyumba ikayesedwa $25,000, tingoyerekeza, ndiye $1,000. Kuwonjezera woyesa mtengo ndi zidziwitso zija. Achemwali, khadi la kubanki la bambo musakatapire ndalama ngakhale PIN mukuidziwa, zija tsopano ndi za m'fayelo.

Achemwali (Mufakose): Mulibe n'kanthu komwe, $60. Ku NSSA, kubungwe la penshoni, ndiko ndikufuna ndipite ndi amayi, zaka zonse anasoka kufakitale ku Southerton zija ankadulidwa. Koma pepala la ukwati limene lilipo ndi la kutchalitchi lokha, lachikasu, makutu ake anadyedwa ndi njenjete.

Bambo aang'ono (Dzivarasekwa): Ankhoswe mmodzi akadali moyo ku Mabvuku, ndikamutenga akachitire umboni. Ndipo ine ndinene pano onse akumva. Gawo langa la nyumba sindikulifuna. Alamu anasamala madala mpaka tsiku lomaliza, ankawasambitsa ine ndili kuntchito. Ndiuzeni posaina.

Mzime: Zikomo bambo. Koma zikhale zolemba, kwa wolumbiritsa anthu, commissioner of oaths. Za pakamwa ndi zimene zatifikitsa pano. Ndikafunsanso ku Legal Aid Directorate, ofesi ya boma yothandiza anthu pa zamalamulo, kuti mawu ake akhale otani.

Achimwene (Joni): Ine ndiika $300 pa Mukuru mwezi ukatha, ina mu Disembala. Woyendetsa akhale achemwali, ali pompo.

Achemwali (Mufakose): La bambo akhale amayi, ine ndiziwaperekeza. La agogo bambo aang'ono, ndinu mwana wawo. Ndalama iliyonse ndizijambula lisiti n'kuponya pano, ndisadzamve kuti achemwali anadya.

Bambo aang'ono (Dzivarasekwa): Ndavomera. Achemwali anga ku Dedza, mwangoti zii. Chibale ndi fupa, lankhulani.

Azakhali (Dedza): Ndikumva. Ine ndinachoka m'nyumba imeneyo mu 1979 kudzakwatiwa kuno, mtengo wa mapeyala uli kuseri uja ndinabzala ndine. Sindinati alamu agone panja. Makina osokera a Singer aja alipo? Anali a bambo athu asanakhale a achimwene.

Achemwali (Mufakose): Alipo, lamba yekha ndiye anaduka. Amayi ali pompano, akuti ndi anu, pamodzi ndi jekete lakuda. Tingowalemba kaye pamndandanda wa katundu, mudzanyamule zikatha. Akutinso bwerani ku chikumbutso, mapeyala mudzathyole nokha.

Achimwene (Joni): Ya basi ndilipira ine azakhali. Pasipoti ikadali ndi masiku? Podutsa pa Tete mpaka Nyamapanda adzaifuna.

Azakhali (Dedza): Mwana ayang'ana. Za nyumbazo musandifulumize, ndikhale kaye pansi ndi ana anga.

Achemwali (Mufakose): Chabwino azakhali. Ife Lachinayi tikalembetsa kaye. Bambo aang'ono, tikumane pa Market Square 7 koloko, musaiwale satifiketi ya imfa ya agogo.

Bambo aang'ono (Dzivarasekwa): Imeneyo ndiye ndiyambe kuifuna lero.