Kapinga akutuluka ndi zigamba zakuda mu Cycles ya Blender, GPU nayo ikukana

Mjomba3D: Akuluakulu thandizeni mutu wandiwira. Ndikupanga render (chithunzi chomaliza cha 3D) ya nyumba ya kasitomala, kutsogolo kuli kapinga. Pulogalamu ndi Blender 3.6, ya render ndi Cycles, udzu ndikumwaza ndi Geometry Nodes, Distribute Points on Faces kenako Instance on Points, udzuwo ndi ma plane okhala ndi alpha (chithunzi cha udzu chooneka kuseri m'mbali mwake). Mu viewport (pomwe ndimaonera ndikamagwira ntchito) zili bhobho koma ndikangodina F12 kuti render iyambe pakati pa kapinga pakuda bii ngati ana ayatsa moto posaka mbewa, ndikakweza density akuti out of GPU memory. Khadi ya zithunzi (GPU) ndi GTX 1650 ya 4GB. Munthu akufuna Lachisanu.

NaPhiri_viz: Zakudazo ndi ma transparent bounces achimwene. Pa Light Paths, Transparent imabwera ili pa 8, ndiye kuwala kukaboola ma plane 8 odutsana kumangothera pompo nkusiya mdima. Kwezani ifike 32 kapena 64 muone, koma dziwani render ichedwa.

Gogo_Render: Ma node a chani pa kapinga? Gwiritsani njira yakale ya hair particle, children (timaudzu towonjezera) muike Interpolated, weight paint pa density, basi mwamaliza. Ife tinayamba pa 2.79 kulibe zimenezi koma ntchito timapereka.

Kabwazi_CG: Funso langa ndi limodzi amwene, kumapeto kwa ma node kuli Realize Instances? Ngati ilipo ichotseni lero lomwe. Imasandutsa ma instance onse (makope opepuka a tsamba) kukhala mesh yeniyeni imodzi yaikulu, 4GB yanuyo singapirire. Komanso imapha Random ya pa Object Info, udzu wonse umakhala mtundu umodzi ngati kapeti wa mu ofesi.

Mjomba3D: Eee ilipo. Ndinaiika chifukwa material imakana kuoneka

Gogo_Render: Mwaona? Particle sakanakuchitani zimenezo.

NaPhiri_viz: Agogo, children 100 pa 1650 laputopu ipsa imeneyo kkkk. Ine alpha pa udzu wapafupi ndinasiya kalekale. Dulani tsamba lenileni, ma face 3 kapena 4 lopindika pang'ono, mupange timitolo tosiyana tisanu mu collection, Pick Instance, rotation ndi scale zikhale random. Pa shader musakanize Translucent pang'ono ndi Principled, apo ayi dzuwa likakhala kumbuyo udzu umaoneka ngati pulasitiki. Kunsi kwa tsamba kuderako, kunsonga kuyezuke.

Kabwazi_CG: Ndipo osadzaza bwalo lonse, kumene kamera sikuona kulibe ntchito. Pansi paja muike texture ya dothi losakanikira ndi zobiriwira, plane yoyera imasuzumira pakati pa masamba. Ine chaka chatha ndinasiya render usiku wonse, maola 9, magetsi anathima itatsala pang'ono ndipo batire yanga njakufa kale. M'mawa kasitomala akuti bwanji udzu uli ndi zouma, chonsecho ndinaziika dala kuti zioneke zenizeni. Akuti iye akufuna wobiriwira ngati wa pa gofu, pamalo poti mu Okutobala pamakhala fumbi lokhalokha.

NaPhiri_viz: Amenewo ndawadziwa, ukawapatsa wobiriwira amati ukuoneka wabodza.

Gogo_Render: Particle ili ndi Display Amount, viewport imapepuka. Ndanena ine.

Tsamba_Studio: Pepani kulowerera, alipo akugulitsa khadi ya RTX 3060 ya 12GB yogwirako ntchito ku Lilongwe? Ya 8GB ija ayi.